Galanti ya zaka 15 ya malata: denga likadzadontha ndidzagwira ndani?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Mchengautuwa, tafupikitsa:

"Ndinapuma ntchito ya uphunzitsi chaka chatha. Nyumba yanga tinafolera mu 1998, pano malata atha ndi dzimbiri, mvula ikayamba mabeseni ndi ndowa zimadzaza pabalaza. Ndikufuna kusasula denga lonse ndi ndalama yanga yopumira. Kuhadiweya ina m'tauni andiuza kuti malata awo openta ali ndi galanti ya zaka 15. Kalipentala amene anandipezera alamu anga akuti ntchito yake sidontha, ikadzadontha ndidzangomuimbira. Wina wa kampani akutchula mtengo wokwera, koma akuti andilembera pepala la chaka chimodzi. Nanga chaka chimodzi n'chiyani pamaso pa zaka 15? Ndithandizeni, ndalama imeneyi sidzabweranso."

Mayi, mtima m'malo. Mwafunsa malata asanagulidwe, msomali usanakhomedwe, ndiye mphamvu zonse zikadali m'manja mwanu. Ambiri amandipeza mu Febuluwale, siling'i itatumba kale ngati mimba, kalipentala atasintha nambala. Pamenepo chimene ndimatha ndi kupepesa basi.

Ndakhala pa madenga a mu Mzuzu muno zaka zoposa 20, ndipo choyamba chimene ndikufuna muchotse m'mutu ndi kuyerekeza zaka 15 zija ndi chaka chimodzi chija. Sizikuyeza chinthu chimodzi. Zaka 15 zikunena za chitsulo cha lata. Chaka chimodzi chikunena za manja amene akhome latalo. Ndipo mwa madenga atsopano amene ndaitanidwa kukawaona akudontha, sindikukumbukira ngakhale limodzi lomwe lata lake linabooka lokha m'zaka zoyambirira. Madzi amalowa pamene pali msomali wokhomedwa molakwika, pamene malata sanapitirirane mokwanira, pansonga pa denga, m'mavale momwe mbali ziwiri za denga zimakumana, ndi pamene lata lagundana ndi khoma. Zonsezi ndi ntchito ya mmisiri. Ndiye galanti imene ikumveka yaikulu ikuteteza chinthu chomwe sichifulumira kuonongeka, pamene imene mukuichepetsa ndi imene mudzaifune mvula yoyamba ikadzagwa.

Tiyambe ndi ya malata. Ndani anakuuzani za zaka 15? Ngati ndi mnyamata wa pakauntala, amene chaka chamawa mwina adzakhala akugulitsa mafoni ku Taifa Market, ndiye kuti galanti mulibe, muli ndi nkhani chabe. Galanti yeniyeni imachokera kwa opanga malata kapena opanga chitsulo chake, ndipo imakhala yolembedwa, ili ndi dzina la kampani ndi komwe mungakadandaule. Bwererani kuhadiweya kuja mukanene kuti, "Mundionetse pepala lake, ndikawerenge kunyumba." Akayamba kuzemba, mwadziwa kale. Akakupatsani, khalani nalo pansi monga mmene munkachongera mayeso a ana, mufufuze zinthu izi.

Mawu akuti zaka 15 akulonjeza chiyani? Mapepala ambiri otere amalonjeza kuti lata silidzabooka ndi dzimbiri m'zaka zimenezo. Kubooka, osati kuchita dzimbiri. Lata likhoza kufiira mbali yonse, likapanda bowo lodutsa iwo alibe mlandu. Penti amakhala ndi lonjezo lakelake, nthawi zambiri la zaka zochepa, ndipo amasiyanitsa kusupuka ndi kusuluka. Penti kusupuka n'kumagwa amavomera kuti ndi vuto lawo. Koma denga lofiira kusanduka lotuwa ndi dzuwa, ambiri amati ndi mmene penti amakalambira. Ngati mtundu wa denga ndi nkhani kwa inu, funsani zimenezi mwachindunji.

Kenako onani chimene adzakupatseni vuto likadzapezeka. Apa ndi pamene anthu amakhumudwa. Kawirikawiri amakupatsani lata lina, basi. Wosasula lakale, wokhoma latsopano, galimoto yonyamula, misomali, siling'i yomwe yavunda, mipando yanu yonyowa, zonsezo n'zanu. Ndipo mapepala ena amachotsera mtengo malinga ndi zaka zomwe mwagwiritsa ntchito. Tinene kuti lata labooka m'chaka cha 10 pa galanti ya zaka 15: adzawerengera zaka 5 zotsala, n'kukupatsani gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo. Mtengo wake uti? Ngati ndi umene unalembedwa palisiti tsiku logula, kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene anagula malata mu 2021 atabwezeredwa lero ndalama ya palisiti lake, kaya angagule angati. Choncho pepala lonena kuti adzakusinthirani lata ndi lata limaposa lonena kuti adzakubwezerani ndalama.

Tsopano tifike ku timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto, momwe amalemba zinthu zopha galanti. Chodabwitsa n'chakuti zambiri mwa izo amazichita mmisiri wanu yemwe, tsiku lofolera, inu muli kukhitchini mukumuphikira nsima.

Chachikulu ndi galayinda. Amisiri ambiri masiku ano amadula malata ndi galayinda chifukwa imafulumira. Koma imatentha m'mphepete mwa lata n'kuwotcha chophimba chake choteteza dzimbiri, komanso imamwaza tizitsulo totentha tomwe timakakamira pa penti. Ndinaitanidwa ku Luwinga ku nyumba yofoleredwa kumene, malata obiriwira okongola, okwera mtengo. Mvula itagwa kawiri katatu, mbali imodzi yonse inadzaza timadontho tofiira ngati munthu wawazapo tsabola. Mwini nyumba anali atakwiya kale ndi ogulitsa, akuti anamugulitsa malata achinyengo. Nditakwera ndinapala kadontho kamodzi ndi chikhadabo, kakachitsulo kanatuluka, penti ali bwinobwino pansi pake. Anyamata ankadulira malata padenga pomwepo ndipo sanasese. Palibe kampani imene ikanalipira zimenezo, ndipo sindikanaiweruza. Malata amadulidwa ndi sizasi ya malata, pansi, ndipo madzulo alionse denga limasesedwa ndi tsache lofewa.

Zina zofanana nazo: matope a simenti kugwera pa lata, makamaka la aluzinc, lokutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinki, chifukwa simenti yaiwisi imadya chophimba chake. Kusunga malata panja atasanjikizana n'kulowa madzi pakati, zomwe zimabweretsa ufa woyera uja mumauona, ndipo kuno kwathu ngakhale mu Juni ndi Julayi mawawa sasowa, ndiye musagule malata n'kuwagoneka pabwalo mwezi wathunthu. Masamba kuunjikana m'mavale ndi m'magatala n'kumasunga chinyezi. Ngati muli ndi mtengo wa mapeyala pafupi ndi nyumba, imeneyo ndi ntchito ya chaka ndi chaka. Utsi wa khitchini yopanda siling'i umadya lata kuchokera kunsi. Ndiponso aliyense wobwera pambuyo kudzaboola denga: wa sola, wa dishi ya TV, wa giza. Akaboola, malo amenewo atuluka m'galanti ya kampani komanso ya mmisiri. Ngati mukuganiza zodzaika sola, nenani tsopano kuti zokhomera zake ziikidwe nthawi imodzi ndi denga.

Pali chinthu china chimene ndimachiona chofunika kuposa galanti ya kampani, ndicho kudziwa chenicheni chimene mwagula. Pa geji, nambala ikamakula lata limapyapyala: 28 ndi lochindikala kuposa 30, ndipo 30 kuposa 32. Koma mawu akuti geji 28 amatambasuka ngati legeni, wina ndi wina ali ndi 28 yake. Funsani kuchindikala kwake m'mamilimita, ndipo alembe palisiti. Funsaninso chophimba chake. Malata oyera akale aja ndi okutidwa ndi zinki. Aluzinc ndi okutidwa ndi chosakaniza cha aluminiyamu 55 peresenti, zinki pafupifupi 43 peresenti ndi silikoni pang'ono, ndipo amalimba ku dzimbiri kuposa zinki yokha m'malo ambiri. Manambala ngati AZ100 kapena AZ150 amanena kulemera kwa chophimbacho m'magalamu pa sikweya mita, mbali zonse ziwiri pamodzi, ndiye 150 ndi chochuluka kuposa 100. Malata ambiri abwino amakhala ndi zolemba kunsi kwake zosonyeza wopanga ndi kuchindikala. Tembenuzani limodzi muwerenge. Lisiti longolemba kuti "malata 60" silingakuthandizeni kulikonse. Lilembe mtundu, kuchindikala, chophimba, utali, mtundu wa penti, tsiku ndi chidindo. Mujambule ndi foni tsiku lomwelo chifukwa malisiti a makina aja amafufutika pakapita miyezi. Ndipo musunge kachidutswa kamodzi kotsala komwe kali ndi zolemba, mukaike pamwamba pa wadilopu. Tsiku la mkangano kachidutswa kameneko kamayankhula kuposa mboni.

Tibwere kwa kalipentala wa alamu anu. Sindikumunyoza, amisiri ena abwino kwambiri amene ndagwira nawo ntchito alibe kampani kapena chidindo. Mwina akunena zoona kuti mudzangomuimbira. Koma mwezi wa Januwale mwina adzakhala ali pa ntchito ku Karonga, kapena atakwera basi ya ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a chigawo chino. Komanso poti anabwera kudzera mwa alamu, mudzachita manyazi kumukakamiza, nkhani ya denga isanduka nkhani ya banja. Lonjezo la pakamwa limakhala ndi mphamvu ndalama yake isanathe kulipidwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ndiye chitani chimene amachita pa ntchito zikuluzikulu za boma ndi mabungwe, komwe mwini ntchito amasunga kagawo ka ndalama ya kontirakitala, nthawi zambiri 5 kapena 10 peresenti, mpaka nthawi yokonza zolakwika itadutsa. Inunso mukhoza. Gwirizanani ntchito isanayambe kuti 10 peresenti ya ndalama ya manja ake mudzamupatsa mvula ikadzatha denga lili louma. Ntchito isanayambe, ndabwereza dala. Mukadzanena atatsika padenga, adzaona ngati mukumubera, ndipo adzakhala akulondola. Ena amakana, ena amakweza mtengo pang'ono kuti avomere. Kukweza pang'onoko musakuope. Koma wokaniratu kuti sangasiye ngakhale kangachepe, dzifunseni kuti iye mwini ntchito yake akuikhulupirira bwanji.

Pa nthawi yake samalani kwambiri. Anthu ambiri amafolera m'chilimwe, ndipo n'koyenera. Koma wina akakupatsani galanti ya miyezi 6 kuyambira mu Meyi, imathera mu Novembala, denga lisanalawe mvula yeniyeni. Imeneyo ndi galanti ya dzuwa. Mvula ya Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo ya mu Malichi ndi Epulo, yogwa masiku angapo osalekeza nthaka ndi makoma zitakhuta kale, ndi imene imaulula denga. Choncho musangolemba kuchuluka kwa miyezi. Lembani tsiku lenileni, mwachitsanzo 31 Meyi chaka chotsatira.

Pepalalo silifuna loya. Tsamba la m'kope likwana, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, chimene nonse mukumva bwino. Mulembe dzina lake monga lilili pa chiphaso cha unzika, komwe amakhala, ntchito yonse imene agwire, mtengo ndi kalipiridwe kake, ndalama yotsala ndi tsiku lake. Mulembenso kuti mukamuuza za kudontha abwera pasanathe masiku angati, kuti zipangizo zokonzera cholakwika chake agula ndani, ndi kuti akapanda kubwera mudzaitana wina n'kumulipira kuchokera pa ndalama yotsala ija. Musaiwale siling'i: madzi akaononga chifukwa cha kukhoma kwake, akonza ndani? Musainirane pamaso pa mboni ziwiri, mmodzi akhale wosakhala wachibale, kaya a bulokulida kapena mkulu wa mpingo.

Wa kampani uja, pepala lake la chaka chimodzi si lochepa ayi, ndi nthawi yodziwika pa ntchito zomanga. Chofunika n'kuona ngati kampaniyo idzakhalepo chaka chamawa. Afunseni chiphaso chawo cha ku bungwe loyang'anira makontirakitala, lomwe ambiri timalidziwa ndi dzina la NCIC, ndipo muone kuti sichinathe ntchito. Koma kuposa chiphaso, apempheni akuonetseni nyumba ziwiri zimene anafolera zaka zitatu kapena zinayi zapitazo. Osati zithunzi za pa WhatsApp. Mupite nokha, mugogode, mufunse mayi wa panyumbapo ngati kunadonthapo, ndipo atawaitana anabwera. Mayi mnzanu sangakubisireni. Kalipentala wa alamu anunso mumufunse zomwezo.

Pali ubwino umodzi waukulu ngati wa kampaniyo agula yekha zipangizo n'kufolera yekha: khosi logwira limakhala limodzi. Mukagula nokha malata n'kulemba mmisiri payekha mumapulumutsa ndalama, koma tsiku la vuto wogulitsa amati anakhoma molakwika, mmisiri amati malata ndi oipa, inu muli pakati ndi beseni. Komabe akagula iye, lisiti ndi pepala la galanti ya malata zilembedwe m'dzina lanu, ndipo muone malatawo akamatsitsidwa, chifukwa kulipiritsa geji 28 n'kukhoma 30 ndi masewera akale.

Matabwa a denga nthawi zambiri alibe galanti, wogulitsa matabwa pamsika sakulemberani kanthu. Paini wa ku Chikangawa ndi wabwino akauma, koma ambiri amafika pamsika akadali auwisi. Thabwa laliwisi likakhomedwa limauma lili padenga, limapindika, limanyala, misomali n'kuyamba kusefukira m'mwamba, ndipo m'chaka chachiwiri denga layamba kudontha popanda amene mungamuloze chala. Gulani matabwa msanga, muwasanje pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo idutse, apakidwe mankhwala a chiswe asanakwere. Nyumba ya 1998 mitengo yake ina ikhoza kukhala yabwinobwino, koma mmisiri aigogode umodzi umodzi malata akale atachoka. Ndipo dziwani kuti akakhoma pa mitengo yakale, adzakhala ndi pothawira. Mulembe papepala kuti waiona ndipo waivomereza, kapena kuti ndi iti imene wasintha.

Mphepo ya mkuntho palibe galanti imene imailandira, ya kampani kapena ya mmisiri. Imeneyo ndi nkhani ya inshulansi ya nyumba, ngati mungakwanitse kafunseni. Koma madenga ambiri amene ndawaona atauluka sanangouluka chifukwa cha mphepo yokha, anali osamangiriridwa bwino ku khoma. Onetsetsani ndi maso anu kuti mitengo yamangidwa ndi waya wochindikala kapena chitsulo chopyapyala chija cholowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa, ndipo mujambule siling'i isanatseke.

Ndinenepo za fasho ya denga lobisika kuseri kwa khoma, poti mwina wina akunyengererani kuti nyumba ioneke yamakono. Limakongola, koma limakhala logona kwambiri ndipo madzi onse amadalira gatala ya mkati. Ku Mzuzu, gatala imeneyo ikatsekeka ndi masamba, madzi alibe kolowera kwina koma m'nyumba. Opanga malata amanena kutsetsereka kochepetsetsa komwe mtundu uliwonse umafuna, ndipo denga logona kuposa pamenepo galanti yawo siligwira. Ine pa ndalama ya penshoni sindingakulangizeni.

Ntchito ikatha, musanapereke ndalama yaikulu yomaliza, tumani mwana wamkulu kapena munthu amene mumamudalira akwere m'siling'i masana dzuwa lili paliwombo, apondere pa mitengo osati pa bolodi. Azimitse tochi, adikire maso azolowere. Denga labwino mkati mwake mumakhala mdima, kuwala kumangolowera m'mphepete. Akaona tinyenyezi, ndiwo mabowo a misomali imene inaphonya thabwa n'kuzulidwa. Kunja, misomali kapena masikuluwu akhale pamsana pa lata, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi, ndipo kalabala ka pansi pa mutu wake kakhale kogwira bwino, osati kofinyidwa mpaka kutuluka m'mbali ngati chitumbuwa chopondedwa. Kofinyidwa kotero kamang'ambika ndi dzuwa pakapita nyengo ziwiri.

Likadontha nthawi ya galanti, musathamangire kumata phula kapena kuitana mnyamata wapafupi. Wina akangokhudzapo, woyamba uja wapeza chonamizira. Jambulani madzi akugwa, ikani chizindikiro ndi choko pamene padontha, mutumireni uthenga wolemba tsiku lomwelo kuti tsiku lioneke, kenako muimbe. Kwa opanga malatanso chimodzimodzi, mapepala awo ambiri amapereka masiku owerengeka oti muwadziwitse kuchokera pamene mwaona vuto.

Zikakanika pokambirana, njira zilipo. Wogulitsa akakupatsani malata osiyana ndi amene analemba palisiti, kapena akakana lonjezo lake, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Chikwangwani chija cha m'mashopu chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa chisakuopseni, sichichotsa udindo wa wogulitsa pa katundu woonongeka, ndipo bungweli lakhala likudzudzula mchitidwe umenewu. A Consumers Association of Malawi amathandizanso ogula, ndipo nkhani ya malata osafika muyezo ndi ya Malawi Bureau of Standards. Kontirakitala wolembetsedwa mukhoza kukamunenera ku bungwe lomwe linamupatsa chiphaso. Kalipentala wamba, pepala lanu la m'kope lija ndi umboni kubwalo la majisitireti, ndipo ngati loya simungakwanitse, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Mzuzu momwemo.

Musanayambe n'komwe, ngati denga lakale linafwamphuka pakati, makoma ali ndi ming'alu pamwamba, kapena mukufuna kusintha kamangidwe ka denga kapena kuika matailosi olemera m'malo mwa malata, itanani injiniya kapena katswiri wa zomanga adzaone kaye, ndipo kusintha kamangidwe kufunseni ku khonsolo ya mzinda. Ndalama ya ulendo umodzi wa munthu wotere ndi yochepa poyerekeza ndi denga lonse.

Mukanakhala achemwali anga, ndikanati pitani kaye mukaone nyumba zakale za amisiri onse awiri. Amene madenga ake ali ouma ndipo wavomera kulemba pepala ndi kusiya 10 peresenti mpaka kumapeto kwa Meyi, mutengeni ameneyo, kaya ali ndi kampani kaya alibe. Malata mugule ochindikala monga thumba lingalolere, ngakhale zitatanthauza kusiya openta n'kutenga aluzinc osapenta. Pepala la zaka 15 likapezeka mulandire, muliike m'pulasitiki limodzi ndi lisiti ndi mgwirizano wa mmisiri, ndipo muuze mwana mmodzi komwe mwasunga.